Kukweza presha ya boila sikungafunditse chipinda chozizira: yankho kwa mayi wa ku Worcester

"Zikomo a katswiri. Chaka chatha ine ndi amuna anga tinagula nyumba yakale kuno ku Worcester, m'chigawo cha Massachusetts, yomangidwa m'zaka za m'ma 1920. Imafundidwa ndi nthunzi yochokera mu boila ya gasi yomwe ili m'chipinda chapansi, ndipo rediyeta iliyonse ili ndi paipi imodzi yokha. Chipinda cha ana, chomwe chili pamwamba chakumbuyo, sichifunda ngakhale zipinda zina zitatentha. Amuna anga anapotokola sikuluwu ya pakabokosi kotuwa kolembedwa Pressuretrol mpaka kachizindikiro kanafika pa 5, poganiza kuti nthunzi ipeza mphamvu yokwerera kumwamba. Chiyambire pamenepo mapaipi akugunda kwambiri usiku, timavalavu ta pa marediyeta tikulira ndi kulavula madzi, bilu ya gasi yakwera, koma chipinda chija chikadali chozizira. Alamu anga a ku Leeds akuti boila yawo imakhala pa 1.5 bar, ndiye nafenso tiwonjezere madzi. Kodi kabokosika kayenera kukhala pa nambala yanji? Kodi tingakonze tokha? Nanga boilayi singatiphulikire?"

Mayi, mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa zimene mwafotokozazi n'zokonzeka, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo mutha kuigwira nokha ndi sikuludiraiva. Zimene anachita bambo a kunyumbako ndimazipeza kawirikawiri m'nyumba zakale za kuno ku New England. Chipinda chimodzi chikakana kufunda, dzanja limathamangira pa sikuluwu imeneyo, popeza aliyense amaganiza kuti chinthu chokankhidwa mwamphamvu chimafika patali. Pa nthunzi ya m'nyumba maganizo amenewa sagwira, ndipo mankhwala a vuto lanu ndi kutsitsa presha n'kupatsa mpweya njira yotulukira. Za kuphulika, dziwani kuti boila iliyonse ya mtundu umenewu imakhala ndi valavu yachitetezo yomwe imatseguka yokha presha ikafika pa 15 psi (psi ndi muyezo wa presha). Mmene kabokosi kanu kalili pano, moto ukuzima mwina pa 6 kapena 7 psi, ndiye simunafike pangozi, malinga ngati valavu yachitetezoyo komanso chida chozimitsa moto madzi akachepa zikugwira ntchito bwino. Zoopsa zenizeni pa boila ya nthunzi ndi kutha kwa madzi moto uli chiyakire ndiponso utsi wa gasi, ndipo zimenezi ndizifotokoza kutsogoloku.

Malangizo a alamu anu ndiwo angakuvulazeni msanga mukawatsatira, ngakhale iwo sakunama za boila yawo. Nyumba zambiri ku Britain, komwe kuli mzinda wa Leeds, zimafundidwa ndi madzi otentha: mapaipi ndi marediyeta onse amakhala odzaza madzi, pampu imawazunguza, ndipo geji imayenera kusonyeza pakati pa 1 ndi 1.5 bar madziwo akazizira. Presha ikatsika kumeneko amatsegula mpopi n'kuwonjezera madzi. Yanu ndi ya mtundu wina kotheratu. Madzi amakhala mu boila mokha, nayonso yosadzaza, ndipo m'mapaipi mumayenda nthunzi. Bar imodzi ndi 14.5 psi, kutanthauza kuti 1.5 bar ndi pafupifupi 22 psi, zomwe zikupitirira malire a valavu yanu yachitetezo. Choncho musathire madzi pofuna kuti singano ya geji ikwere. Boila yanu ikazizira geji iyenera kukhala pa ziro, ndipo madzi azioneka chapakati pa kagalasi koimirira kamene kali pambali pa boila. Mukadzaza mopitirira, madzi amakwera m'mapaipi mpaka kutulukira m'marediyeta n'kuononga denga ndi matabwa apansi. Anansi anu a ku Worcester komweko amene ali ndi boila ya madzi otentha nawonso adzakuuzani za 12 kapena 15 psi, koma nambala zimenezo si za nyumba yanu.

Kuti mumvetse chimene chikuzizitsa chipinda cha ana, taganizirani zomwe zimakhala m'mapaipi boila isanayake. Mumakhala modzaza mpweya, kuyambira pamwamba pa madzi a mu boila mpaka ku rediyeta yomaliza. Madzi akawira amasanduka nthunzi yotenga malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa madziwo, ndipo nthunziyo imayamba kukankha mpweya uja. Koma singalowe pamene mpweya sunachoke, monga mmene botolo lomizidwa m'ndowa kukamwa kuli pansi limakhalira louma m'kati ngakhale mutalikanikiza bwanji. N'chifukwa chake pambali pa rediyeta iliyonse pali kachitsulo konyezimira kamene amisiri amati venti, ndiye timavalavu tomwe mwati tikulira tija. Ntchito yake ndi kutulutsa mpweya, kenako n'kudzitseka nthunzi yotentha ikangofika. Nthunzi imathamangira kumene mpweya ukutuluka msanga, ndipo rediyeta yomwe venti yake yafa imakhala yozizira ngakhale presha itakwera motani, chifukwa presha yochuluka imangopanikiza mpweya womwewo osautulutsa.

Amene ankamanga nyumba ngati yanu ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo anaika dala mapaipi aakulu kuti nthunzi iziyenda mosakakamizidwa. Mphamvu ya rediyeta yachitsulo amaiwerengera kuti sikweya futi iliyonse ya chitsulo chake imatulutsa ma Btu (muyezo wa kutentha) 240 pa ola, nthunzi ikakhala pa madigiri 215 a Fahrenheit m'chipinda cha madigiri 70. Nthunzi imafika pa madigiri 215 presha ili pafupifupi 1 psi yokha. Ndiye kuti rediyeta yanu imapereka kutentha konse komwe anaikonzera pa 1 psi, ndipo boila imangofunika kuwonjezerapo pang'ono kwambiri kuti nthunzi idutse m'mapaipi. Pa ntchito yangayi sindinaonepo nyumba ya banja limodzi yofuna presha yopitirira 2 psi, ndipo zambiri zimafunda bwinobwino singano isanafike n'komwe pa 1. Presha ikakwera nthunzi imapanikizika. Paundi imodzi ya nthunzi imatenga malo okwana makyubiki futi pafupifupi 27 geji ikakhala pa ziro, koma pa 10 psi imatenga osakwana 17. Gasi amene mukulipira akuthera kupanikiza nthunzi m'mapaipi omwe adzaza kale.

Kabokosi kotuwa kaja kamasokoneza anthu chifukwa amakayesa chowonjezerera moto, pamene m'kati mwake muli swichi chabe. Swichiyo imazimitsa moto presha ikafika pamlingo wina, n'kuulola kuyakanso presha ikatsika. Kukula kwa moto sikusintha, kaya kachizindikiro kali pa 1 kaya pa 9. Chimene chimaitanitsa kutentha ndi thermostat ya pakhoma, pamene Pressuretrol ntchito yake ndi kuika malire basi. Bambo atakweza malirewo, anangololeza moto kuyakabe pa nthawi yomwe unayenera kupuma. Oyamba kuvutika ndi maventi, chifukwa ambiri anapangidwira presha yochepa. Venti ikatsekeka presha ili pamwamba imalephera kutsegukanso mpaka preshayo itatsika, ndipo mpweya wotsalira mu rediyeta umakhala momwemo. Ina imaonongekeratu n'kuyamba kutaya nthunzi mosalekeza, komwe ndi kulira mukukumva usikuko.

Kugunda kwa mapaipi kumabwera nthunzi ikakumana ndi madzi ogona pamalo pomwe sayenera kukhala. Nthunziyo imasanduka madzi mwadzidzidzi, malo ake amatsala opanda kanthu, ndipo madzi amaponyedwa mwamphamvu n'kukamenya pamakona a paipi. M'nyumba yanu madzi ochokera m'marediyeta amabwerera ku boila ndi kulemera kwawo kokha, popanda pampu. Kusiyana kwa 1 psi pakati pa boila ndi mapeto a paipi kumakweza madzi mainchesi pafupifupi 28 m'paipi yobwerera, ndipo omanga akale ankasiya mpata wongokwana pamenepo pakati pa mlingo wa madzi a mu boila ndi mapeto a paipi yaikulu. Mpata wake ndi wochepa, ndiye zinthu zikangosokonekera pang'ono madzi amafika m'njira ya nthunzi. Presha yokwera pamodzi ndi maventi otaya nthunzi zimakulitsa vutoli. Mukatsitsa presha kugundako kukatha, nkhani yatha. Kukapitirira, funafunani paipi yomwe yagwa pakati chifukwa chomangira chake chinaduka, kapena rediyeta yopendekera kolakwika.

Tsopano za kasinthidwe kake. Choyamba dziwani mtundu wa kabokosi kanu, chifukwa ilipo mitundu iwiri yowerengera mosiyana, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Monga mwafotokozera, kanu kayenera kukhala PA404A ka Honeywell, kotuwa, kokhala ndi mzere umodzi wa manambala kutsogolo kuyambira 0.5 mpaka 9, wolembedwa CUT IN, ndi sikuluwu imodzi pamwamba. Nambala ya kutsogoloyo si pozimira moto ayi, koma poyakiranso. Pozimira mumapapeza powonkhetsa nambalayo ndi ina yomwe ili m'kati. Zimitsani magetsi a boila pa swichi yake, yomwe nthawi zambiri imakhala ndi chivundikiro chofiira pambali pa boila kapena pamwamba pa masitepe, chifukwa mawaya a m'kabokosimo ena amakhala a 24 volts koma ena a 120. Masulani kasikuluwu ka chivundikiro, ndipo m'kati muona kagudumu kakang'ono koyera kolembedwa manambala kuyambira 1 mpaka 5. Kazunguzeni ndi chala mpaka 1 ayang'ane kwa inu. Kenako potokolani sikuluwu ya pamwamba pang'onopang'ono, maso ali pa kachizindikiro, mpaka katsike kufika pa 0.5. Mukatero moto uzizima pa 1.5 psi n'kuyakanso pa 0.5 psi.

Musakakamize sikuluwuyo kachizindikiro kakafika pansi, chifukwa ikapitirira imatha kuchoka m'malo mwake m'katimo, ndipo boila siiyakanso mpaka wina aibwezeretse. Tizida timeneti sitiyeza molondola kwenikweni kumunsi kwa mzere wa manambalawo, ndipo ndaonapo tambiri tolembedwa 0.5 koma tikuzimitsa moto pa 3 psi. Tina tikatsitsidwa kwambiri timazimitsa moto kamodzi n'kukana kuuyatsanso. Zikatero kwezani kachizindikiro pang'ono chabe n'kuyesanso. Pachifukwa chimenechi ntchitoyi muigwire masana, pa tsiku loti muli pakhomo, ndipo musakagone musanaone ndi maso anu moto ukuzima ndi kuyakanso wokha kangapo.

Mukapeza kuti kabokosi kanu kali ndi mizere iwiri ya manambala, wina wolembedwa MAIN wina DIFF, monga zilili pa L404F, dziwani kuti kawerengedwe kake n'kochotsera. MAIN ndi pozimira moto, ndipo poyakiranso mumapapeza pochotsa DIFF pa MAIN. Cholinga ndi chomwecho: moto uzime presha isanapitirire 2 psi ndipo uyakenso chapafupi ndi 0.5. Onetsetsani kuti DIFF ndi yocheperapo kuposa MAIN, apo ayi swichi idzadikira presha yotsika kuposa ziro. Maboila ena amakhala ndi timabokosi tiwiri, kachiwiri kokhala ndi batani loti munthu adine moto ukazimitsidwa. Kachiwiriko ndi ka chitetezo, kamaikidwa dala pa nambala yokwerako, ndipo musakakhudze.

Vuto lomwe mudzakumane nalo mukangosintha ndi lakuti geji ya pa boila siidzakuuzani zambiri. Imayambira pa ziro mpaka 30 psi, ndipo malamulo amafuna kuti ikhalepo, koma pa 1 psi singano yake imangogwedezeka pang'ono. Anthu ambiri akaiona ili duu amaganiza kuti boila yafooka, n'kubwerera ku sikuluwu ija. Ndimalangiza aliyense wokhala m'nyumba ya nthunzi kuti aikitse geji yachiwiri ya ziro mpaka 3 psi pambali pa yakaleyo, osachotsa yakaleyo. Ndi kachida kotsika mtengo, koma ndiko kokha kangakuuzeni ngati Pressuretrol ikuzimitsadi moto pamene mwaiuza.

Pansi pa kabokosiko muona kapaipi kakang'ono kopindidwa mozungulira, kamene amisiri amati pigtail. Kamasunga madzi pang'ono m'kupindikamo kuti nthunzi yotentha isafike pa chida. Kapaipika ndimakasamala kuposa sikuluwu ndi kagudumu komwe, chifukwa kakatsekeka Pressuretrol siimvanso presha ya mu boila, ndipo moto ukhoza kuyakabe mpaka valavu yachitetezo itatseguka. Ndikamasula ka chitsulo kamene kakhala zaka osatsukidwa, m'kati mumatuluka matope akuda a dzimbiri, olimba moti waya umapindika usanaboole, ndipo ukapemerera ndi pakamwa mpweya sudutsa. Kutsuka kwake kumafuna kuti boila izizire, magetsi azimitsidwe, mawaya achotsedwe, kabokosi kamasulidwe ndi sipanala pogwira pa nati ya pansi osati pa bokosi lenilenilo, kenako kapaipiko katsukidwe mpaka madzi azidutsa, n'kuthiramo timadzi pang'ono pobwezeretsa. Ngati bambo sanazolowere mawaya, gawo limeneli asiyire mmisiri, ndipo mumupemphe aike ka mkuwa m'malo mwa ka chitsulo chifukwa sikatsekeka msanga. Pa nyumba yomwe mwangogula kumene ndipo simukudziwa mbiri ya boila yake, ntchitoyi isadikire chaka chamawa. Timabokosi takale tina timakhala ndi kagalasi ka mekyule m'kati. Timeneto timafuna kukhala toongoka pa levulo kuti tiwerenge bwino, ndipo tikachotsedwa sititayidwa m'bini wamba.

Mwina wina adzakuuzani za Vaporstat, chida chofanana ndi Pressuretrol koma choyeza ndi ma ounce, omwe amakwana 16 mu 1 psi. Ndi chida chabwino, ndipo n'chofunika kwenikweni m'nyumba zina za mapaipi awiri zomwe zinapangidwira presha yosakwana theka la 1 psi. Kwa inu sindikuona chifukwa chothamangira kuchigula. Ndalama imeneyo iyambe yapita ku maventi.

Maventiwo ndiwo adzafunditse chipinda cha ana. Tsikirani m'chipinda chapansi ndi tochi, mutsatire paipi yaikulu yochoka pa boila mpaka kumapeto kwake, komwe imakhotera pansi. Chapafupi pamenepo payenera kukhala venti yaikulu yotulutsa mpweya wa m'paipi yonseyo. M'nyumba zambiri ndimaipeza itapakidwa penti mpaka kabowo kake kutsekeka, kapena itabisika kuseri kwa siling'i, kapena itachotsedwa kalekale pamalo pake n'kutsekapo ndi pulagi chifukwa inkadontha. Venti yaikulu ikafa, mpweya wonse wa m'paipi umayenera kudutsira pa timabowo ta marediyeta. Marediyeta oyandikana ndi boila amatentha msanga, thermostat imakhutira n'kuzimitsa moto, pamene nthunzi ikadali m'njira yopita kuchipinda chakutali. Mutha kuyesa nokha. Paipi ya pamwamba pa boila ikangotentha yang'anani wotchi, ndipo muone nthawi yomwe kutentha kutenge kuti kufike kumapeto, poyandikiza dzanja osati kugwira, popeza paipiyo imafika pafupifupi madigiri 100 a Celsius. Maventi akakhala bwino zimatenga mphindi zochepa chabe. Zikapitirira mphindi 10 pa nyumba ya banja limodzi, nthawi zambiri venti yatsekeka kapena yachepa. Zodziwika pa ntchitoyi ndi monga Gorton No. 1, Gorton No. 2 ndi Hoffman 75, ndipo paipi yaitali imatha kufuna ziwiri.

Mukathana ndi paipi yaikulu, pitani pa rediyeta ya anayo. Valavu ya pansi, pomwe paipi imalowera, ikhale yotsegula mpaka kumapeto. Pa rediyeta ya paipi imodzi nthunzi imalowa ndipo madzi amatuluka pa khomo lomwelo, ndiye valavu yotsegula theka imatsekereza madzi n'kuyambitsa kugunda ndi kulavula. Lamuloli ndi la marediyeta onse m'nyumbamo: kutsegula kotheratu kapena kutseka kotheratu. Ikani levulo pamwamba pa rediyeta muone ngati yapendekera pang'ono chakumene kuli valavu, ndipo ngati sichoncho ikani timatabwa topyapyala pansi pa miyendo ya mbali inayo. Venti yake ikhale yoimirira, ndipo ngati ndi yakale igulireni ina, boila itazizira. Maventi amasiyana kukula kwa kabowo. Chipinda chakutali chimafuna yotulutsa mpweya msangako, pamene chipinda chomwe muli thermostat chimafuna yochedwa, kuti moto usazime zipinda zina zisanalandire gawo lawo. Musaike yothamanga kwambiri pa rediyeta yaing'ono, chifukwa nayonso imayambitsa kulavula.

Onaninso ngati mapaipi a m'chipinda chapansi ali okutidwa. Paipi yosakutidwa imasandutsa nthunzi kukhala madzi isanafike kumene ikufunika, ndipo chipinda chakutali ndicho chimamanidwa. Kukuta ndi fiberglass yochindikala inchi imodzi kumathandiza kwambiri. Koma mukapeza zokutira zakale zoyera kapena zotuwa, zooneka ngati katoni kapena pulasitala, musazikhudze, musazisese, musazidule. M'nyumba ya zaka za m'ma 1920 zimenezo zikhoza kukhala asbestos, ndipo fumbi lake limaononga mapapo. Zimachotsedwa ndi anthu a chilolezo okha.

Mukatsitsa presha mukhoza kuona moto ukuzima ndi kuyaka pafupipafupi, ndipo bambo adzafuna kukwezanso. Yambani mwaona nthawi yomwe zikuchitikira. Ngati zikuchitika marediyeta asanatenthe, mpweya ukusowa potulukira, ndipo vuto likadali la maventi. Ngati zikuchitika marediyeta onse atatentha mpaka kumapeto, makamaka m'mawa wozizira kwambiri, Pressuretrol ikungogwira ntchito yake. Zikamachitika nthawi zonse moto utangoyaka mphindi zochepa, n'kutheka kuti boila ndi yaikulu kuposa marediyeta omwe alipo, zomwe zimachitika kawirikawiri m'nyumba zomwe eni ake akale anachotsamo marediyeta ena kapena anagula boila mongoyerekeza. Boila ya nthunzi imasankhidwa powerengera marediyeta onse, ndipo nambalayo iyenera kuyandikana ndi masikweya futi a nthunzi olembedwa pa chikwangwani cha boila. Kukweza presha kumangobisa vutoli uku gasi akupita. Mmisiri wodziwa angaone ngati moto ungachepetsedwe mosaika moyo pachiswe, koma inu musakhudze valavu ya gasi. Chimene mungachite nokha ndi kuona kuti thermostat yaikidwa pa nthunzi, kutanthauza kuyatsa moto kamodzi pa ola, komanso kupewa kuitsitsa kwambiri usiku, chifukwa pofuna kubwezeretsa kutentha m'mawa boila imayaka nthawi yaitali mpaka presha kukwera.

Madzi a mu kagalasi aja muziwayang'ana kamodzi pa sabata nyengo yonse yozizira. Moto ukamayaka amagwedezeka pang'ono, koma akamadumpha kwambiri kapena kusowa n'kubweranso, ndiye kuti ali ndi mafuta kapena litsiro, ndipo nthunzi yake imanyamula madontho kupita nawo m'mapaipi. Mmisiri amachotsa mafutawo poyengula madzi apamwamba pang'onopang'ono. Chida chozimitsa moto madzi akachepa chili mitundu iwiri. Ngati chanu ndi chachitsulo chokhala ndi chogwirira pansi, monga McDonnell & Miller No. 67, chimafuna kutsegulidwa kamodzi pa sabata moto ukuyaka, madzi akuda atulukire m'ndowa yachitsulo, ndipo moto uyenera kuzima nthawi yomweyo n'kuyakanso mukatseka. Madziwo ndi owira, ndiye ana asayandikire. Ngati ndi cha kabokosi ka magetsi, mmisiri amachitsuka ndi kuchiyesa pa chaka. Mukaona kuti boila ikufuna madzi owonjezera pafupipafupi, penapake pakudontha, ndipo madzi atsopano ochuluka amadyetsa chitsulo cha boila ndi dzimbiri.

Pali zinthu zina zomwe sizifuna kuyesayesa. Mukamva fungo la gasi, tulutsani ana ndi aliyense, musayatse kapena kuzimitsa swichi iliyonse, ndipo muimbire kampani ya gasi kapena nambala ya zangozi ya 911 muli panja. Alamu yochenjeza za mpweya wa poizoni wa carbon monoxide ikalira chitani chimodzimodzi. Malamulo a Massachusetts akhala akufuna ma alamu amenewa m'nyumba ngati yanu kuyambira 2006, ndiye onetsetsani kuti alipo ndipo akugwira ntchito, makamaka pafupi ndi zipinda zogona. Mukapeza kagalasi kopanda madzi moto ukuyaka, zimitsani boila ndipo musathiremo madzi, chifukwa madzi ozizira akagwera pa chitsulo chouma chotentha amatha kuching'amba kapena kuyambitsa ngozi yaikulu. Valavu yachitetezo ikatulutsa nthunzi, kapena geji ikamakwerabe kupitirira pomwe mwaika moto osazima, zimitsani magetsi a boila n'kuitana mmisiri tsiku lomwelo. Valavu imeneyo siitsekedwa ndi pulagi ngakhale ikudontha, koma imasinthidwa ndi ina ya 15 psi. Ntchito iliyonse yokhudza mapaipi a gasi m'chigawo chanucho ndi ya munthu wa chilolezo.

Posankha mmisiri musachite manyazi kufunsa, chifukwa si pulambala aliyense amene anaphunzira za nthunzi, ndipo ambiri anazolowera maboila a madzi otentha. Mufunseni presha yomwe angaike pa nyumba ya paipi imodzi, ndipo akatchula 5 psi kapena kuposa, funani wina. Amene mwamupezayo mumupemphe atsuke pigtail, ayese chida cha madzi ndi valavu yachitetezo, ayeze utsi ndi makina ake, ndipo ayang'ane chumuni ndi maventi aakulu. Mukachita zonsezi chipinda cha ana n'kukhalabe chozizira, ndilembereninso mundiuze manambala a pa chikwangwani cha boila, kuchuluka kwa marediyeta ndi kukula kwake, kutalika kwa mapaipi aakulu, komanso mphindi zomwe nthunzi ikutenga kufika kumapeto, kuti tione ngati vuto lili pa paipi yokwera kuchipindako.